Jumong wa magawo 78: ndemanga ya shopu yobernera pa Ntcheu

Amene mumabernetsa ma series pa kashopu kaja ka kufupi ndi depoti ya Ntcheu, musamachoke pa kauntala musanawerenge mafayilo. Jumong, series ya ku South Korea, ali ndi magawo 81. Flashi imene anandibwezera inali ndi 78, ndalama atalandira yonse ya series yathunthu. Powauza, mwini shopu anakanitsitsa kuti nkhaniyo imathera pomwepo, ati anthu ambiri atenga yomweyo ndipo palibe wabwerera kudzadandaula. Amayankha maso ali pa foni.

Aliyense woidziwa nkhaniyi sangavomere zimenezo. A MBC ku South Korea anayamba kuionetsa mu 2006, anakonza magawo 60, kenako n'kuwonjezera mpaka 81 anthu ataikonda. Zonse zimene zakhala zikukokedwa kuyambira pachiyambi zimamangidwa kumapetoko. Yuri wafika ndi chiduswa cha lupanga lothyoka lija, Jumong wazindikira kuti ndi mwana wake wa kwa Yesoya, mkazi wake woyamba, ndipo akuluakulu agawanika pa nkhani ya wolowa ufumu, ena kwa Yuri, ena kwa Biryu mwana wa Soseono, mkazi wachiwiri wa Jumong. Mathero ake ndi akuti Soseono, mayi amene anaikapo chuma ndi anthu a kwawo pomanga ufumu wa Goguryeo, asankha kunyamuka ndi ana ake Biryu ndi Onjo kulowera kummwera kuti ana asalimbirane mpando. Mukadula pa gawo 78, Soseono amatsala ngati mkazi wansanje wongosiyidwa m'malere, pamene chimene chimamukweza ndi chisankho chomalizacho. Ndiye anthu angati pano amene amakangana za Soseono ndi Yesoya ataonera nkhani yodukiza, osadziwa n'komwe kuti yaduka?

Chifukwa chake si chachilendo. Mafayilo awo ndi a pafupifupi 200MB lililonse. Mukachulukitsa ndi 81 mwadutsa 16GB, ndipo flashi yolembedwa 16GB simakhala ndi malo onsewo, kompyuta imaonetsa osafika 15GB. Malo akatha kompyuta imalemba uthenga poyera. Kutanthauza kuti uthengawo anauona, n'kuutseka, n'kuzula flashi. Chimene chandiwawa n'chimenecho, chifukwa akanangonena kuti mubwere ndi ya 32GB nkhani ikanathera pomwepo.

Vuto lachiwiri ndi mayina a mafayilo. Anawalemba 1, 2, 3 mpaka mtsogolo popanda ziro kumayambiriro. Pa kompyuta yawo zimaoneka bwino, koma ma TV ambiri ndi ma DVD okhala ndi polowetsa flashi amasanja potengera nambala yoyamba: 1, kenako 10, 11 mpaka 19, ndiye 2, kenako 20. Mu gawo 1 Jumong sanabadwe, bambo ake Haemosu ndi mnzawo Geumwa adakali anyamata akumenyana ndi asilikali a Han. Chotsatira pa TV ndi gawo 10, Jumong ndi mwamuna wamkulu kale. Mukafika 19 likubwera gawo 2, Haemosu amene mwamulira kale uja ali wamoyo akuyendayenda. Woonera koyamba angaganize kuti akumbutsa zakale, kapena kuti munthuyo wauka. Mankhwala ake ndi kulemba 01, 02 mpaka 09 basi, ntchito ya mphindi zochepa. Ma DVD ena satsata dzina n'komwe, amatsata ndondomeko imene mafayilo analowera, choncho ndi bwino kukopera m'flashi yofomata kumene, kuyambira loyamba.

Za kumasulira, omasulira ndi awiri. Wa magawo oyambirira ndi katswiri: amasiya mawu a osewera ndi nyimbo zizimveka pansipansi, nthabwala amaika pa Mopalmo ndi Yeongpo pamene zikuyenera, koma pa imfa ya Haemosu amakhala chete. Maubale amawasunga. Geumwa amamutchula kuti bambo womulera Jumong, osati womubala, ndipo chidani cha Daeso, mwana wa Geumwa, pa Jumong chimamveka gwero lake. Wachiwiri akungothamanga. Pena akunena Biryu ngati mwana wobadwa kwa Jumong, chonsecho bambo ake ndi Wootae, mwamuna woyamba wa Soseono, ndipo mkangano wonse wa mpando wagona pamenepo. Pena anzake a Jumong, Oi, Mari ndi Hyeopbo, akuwasinthanitsa mayina m'gawo lomwelo. Izi si za shopu, iwonso amachita kulandira choncho, koma munthu wogulitsa chinthu tsiku ndi tsiku ayenera kuchidziwa n'kuchenjeza ogula.

Pali china chabwino, ndisabise. Mnyamata amene amakhala pa kompyuta masana ndi wosiyana ndi abwana akewo. Atamva nkhaniyi anatsegula foda yawo, magawo onse 81 analimo. Anafomata flashi ya 32GB ku FAT32, n'kufotokoza kuti ya 64GB nthawi zambiri imabwera ndi exFAT imene ma TV akale saiwerenga. Mayina anawakonza ndi ziro, anagawa mafoda a magawo 20, ndipo anadikira kuti kompyuta inene kuti mutha kuzula. Gawo 81 analitsegula pomwepo n'kulikankhira kumapeto kuti tione ngati silinaduke. Mafayilo ndi a MP4, chithunzi n'choyera ndithu poyerekeza ndi kukula kwake, mawu sakutsalira m'mbuyo, ndipo palibe vayirasi ija yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut, imene yatopetsa anthu m'mashopu ena. Magetsi akathima pakati pa kukopa, iyeyu amayambiranso fayilo lodukalo, sangolisiya.

Ndiye kupita mutha kupitako, katundu ali naye wabwino. Pitani masana mnyamatayo alipo, mutenge flashi ya 32GB, mufunse kuti series ili ndi magawo angati musanalipire, ndipo muwauze atsegule loyamba, lina la pakati ndi lomaliza muli pomwepo. Mwini shopuyo mpaka lero sanapepese, ndipo anafuna kuti magawo atatu otsalawo ndilipirenso padera. Sindinalipire.