Gitala yanga yopangidwa pamanja, patatha miyezi 10 kuno ku Salima

Lamlungu lapitali mnzanga wa kukwaya anandifunsa ngati naye akapangitse gitala kwa mmisiri wa ku Lilongwe amene anandipangira yanga. Ndinangomuuza kuti adikire, ndilemba zonse.

Ndi gitala ya nsambo za nayiloni, kumbuyo ndi m'mbali mwake ndi mbawa, thabwa lakumaso ndi spruce wochokera kunja. Ndinalipira K420,000, pomwe Yamaha C40 ya m'sitolo ndikanaipeza motchipirapo. Khosi ndi lotakata bwino, mamilimita 52, zala sizipanikizana. Zokungira nsambo sizinandivutepo. Mawu ndiye osanena. Nsambo zitatu zikuluzikuluzo zimalira mpaka kumva pachifuwa, ndipo panopa zikumveka mokoma kuposa tsiku lomwe ndinaitenga.

Vuto linabwera ndi dzinja. Ine ndimakhala cha ku Senga Bay, ndipo chinyontho cha kunyanja kuno mu Januwale mumachidziwa, ngakhale mchere umasungunukira m'botolo. Ndinayamba kumva kuti nsambo zatalikira khosi, zala zikuwawa. Poyeza ndi rula mpata wa pakati pa nsambo ndi freti ya 12 (mafreti ndi tizitsulo topingasa pa khosi tija) ndinapeza mamilimita 6, chonsecho pamayenera kukhala 4 kapena kuchepera. Nditayang'anitsitsa kathabwa komangirapo nsambo kaja, amati bridge, ndinaona kampata kumbuyo kwake. Ndinatenga risiti ya magetsi n'kuilowetsa, inalowa mpaka theka. Mtima unandiwawa. Nsambo zisanu ndi imodzi zimakoka pafupifupi makilogalamu 40 usana ndi usiku, ndiye ndinazimasula zonse nthawi yomweyo.

Nditawaimbira amisiriwo, mawu awo oyamba anali akuti, "Achimwene, munaikapo mawaya achitsulo inu." Ndinakwiya zedi. Ndikudziwa kuti gitala yotere salola mawaya, ndipo sindinayesepo. Sabata imeneyo ndinkauza aliyense kuti ndinataya ndalama.

Ndinakwera nayo minibasi mpaka ku Lilongwe, nditaikumbatira ngati khanda. Atamatula kathabwako tonse tinaona ndi maso: m'mbali guluu anamatira pa vanishi, osati pa thabwa lenilenilo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Apa ndinalakwitsa ndine." Anapala vanishiyo, kumatanso, kupana ndi zopanira, n'kundiuza kuti ndidzabwere pakatha sabata. Anasemanso kafupa kokhalira nsambo osandilipiritsa kalikonse. Koma thiransipoti ya maulendo awiri ndi nsambo zatsopano zinatuluka m'thumba mwanga, pafupifupi K70,000, ndipo za zimenezo sanatchuleko.

Tadutsa mwera wa mu Juni, kampata sikanabwerenso. Tsopano ndimaisunga m'chikwama chake, kutali ndi khoma komanso malata.

Ndiye mnzanga, kapangitse, mawu ake sungawapeze m'sitolo pa mtengo umenewo. Koma usamalize kulipira usanayese ngati kapepala kakulowa kuseri kwa bridge, uyeze ndi rula, ndipo mugwirizane polemba kuti ikavuta m'dzinja loyamba, thiransipoti ndi yawo.