Buku la To Kill a Mockingbird lomwe ndinagula pa Cairo Road

Makolo amene mukufunira ana anu a sekondale buku labwino, gulani ili. Langa ndinalipeza kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa Cairo Road ku Lusaka, pamtengo wotsika. Zilembo zake n'zazing'ono, koma palibe tsamba lothothoka.

Mlembi wake, Harper Lee, analitulutsa mu 1960. Wosimba nkhani ndi kamtsikana, Scout, ka m'tauni ya Maycomb ku Alabama, kum'mwera kwa dziko la America. Bambo ake, a Atticus Finch, ndi loya woimira Tom Robinson, munthu wakuda amene akumunamizira kuti anagwirira mtsikana wachizungu. Umboni woti Tom ndi wosalakwa uli poyera, mkono wamanzere wa Tom ndi wopuwala, komabe khoti likumupeza wolakwa chifukwa cha khungu lake. Pamenepa mtima unandiwawa kwambiri. Mwana wanga atafika patsambali anandifunsa kuti, "Amayi, nanga chilungamo chili kuti?"

Palinso Boo Radley, amene Scout ndi mchimwene wake Jem amamuopa chifukwa cha mphekesera chabe, monga timachitira ndi agogo onamiziridwa ufiti m'makomboni mwathu. Mapeto ake ndiye akuwapulumutsa.

Chingerezi cha kum'mwera kwa America chimavuta poyamba, ndipo muli mawu onyoza anthu akuda. Muziwerenga limodzi ndi mwanayo kuti muzimufotokozera.