Yesaya 6 kapena Chivumbulutso 4?

Lachitatu ndikagawa mawu ku mlaga wathu kuno ku Nkhotakota, ndipo mitu iwiri yandigwira mtima.

Chivumbulutso 4 sichivuta kwa ife akunyanja. Yohane akuona nyanja yonga galasi patsogolo pa mpando wachifumu, ngati yathuyi m'mamawa mwera usanayambe, bata lokhalokha. Akulu 24 akuponya pansi zisoti zawo zaufumu. Ukawerenga umangofuna kuyimba.

Yesaya 6 ndiye amandinjenjemeretsa. Nyimbo ndi yomweyo, "Woyera, woyera, woyera," koma m'Kachisi mwadzaza utsi, aserafi omwe aphimba nkhope. Mneneri akulira kuti milomo yake ndi yonyansa, mpaka khala lamoto lochokera paguwa limukhudza pakamwa. Akatero ndipamene akuti atumidwe.

Ndasankha Yesaya, abale, chifukwa mlaga wathu ukusowa anthu oyendera odwala.