Antibody ya GATA6 (D61E4) poyeza khansa ya kapamba: imathandiza, koma isagamule yokha

GATA6 ndi jini imene imatsogolera kuumbika kwa kapamba (pancreas, chiwalo chopanga insulin) mwana akadali m'mimba. Ikawonongeka, mwana amatha kubadwa wopanda kapamba n'kudwala shuga ali khanda. Pa khansa ya kapamba, jini yomweyi imagawa zotupa pawiri. Chotupa chimene GATA6 ikadali yamphamvu chimatchedwa classical, ndipo maselo ake amafananabe ndi a kapamba. Chimene GATA6 yazima ndi basal-like: chimafalikira msanga, ndipo pa kafukufuku wa COMPASS ku Toronto sichinkamva bwino mankhwala a khansa ophatikiza otchedwa mFOLFIRINOX.

Antibody ya D61E4, yochokera kwa kalulu, ndi puloteni imene imamatirira ku puloteni ya GATA6 n'kuionetsa m'maselo, ndipo imapangidwa ndi kampani ya Cell Signaling Technology. Ubwino wake ndi wakuti labotale imene imapanga kale immunohistochemistry (kupaka antibody pa kanyama ka chotupa koikidwa pagalasi kuti puloteni ioneke ndi mtundu) sifunika makina ena, pamene njira ina yosiyanitsira zotupazi, yoyeza RNA (uthenga wochokera ku majini), imadya ndalama zambiri. Pamene pali GATA6, mtundu wa bulawuni umagwira mu nucleus (phata la selo), choncho kuwerenga sikuvuta.

Zambiri zimalakwika antibody isanafike n'komwe pagalasi. Kanyama ka chotupa kalowe mu formalin wa 10% (mankhwala osungira kanyama kuti kasaonongeke) kakangochotsedwa, kakhalemo maola 6 mpaka 72, kadulidwe mamaikuromita 4. Kakachedwa kulowa mu formalin, kapena kakakhalitsamo, mtundu umatuwa ndipo chotupa cha classical chimaoneka ngati basal-like. N'chifukwa chake muyambe mwayang'ana maselo abwinobwino a kapamba pagalasi lomwelo. Ngati nawonso sanagwire mtundu, vuto ndi la kakonzedwe, bwerezani.

Chovuta chachikulu si antibody ayi, ndi chotupacho. Mbali ina chimakhala classical, mbali ina basal-like, ndiye kachidutswa kotengedwa ndi singano kangakunamizeni. Komanso malabotale sanagwirizane kuti “GATA6 yochepa” imayambira pati. Muziyeza pamodzi ndi CK5 kapena p63, mapuloteni amene amaoneka m'maselo a basal-like. Galasi losonyeza GATA6 yotsika ndi CK5 yokwera ndi lodalirika kuposa la GATA6 yokha.

Dziwaninso kuti kampaniyo imaigulitsa kuti izigwiritsidwa ntchito pa kafukufuku basi. Kwa ofufuza ndi yoyenera kugula. Koma kusankha pakati pa mFOLFIRINOX ndi mankhwala ena a khansa, gemcitabine yophatikiza nab-paclitaxel, kudalirebe mphamvu za wodwala, mmene chiwindi chake chikugwirira ntchito ndi pamene khansayo yafika.