Tafunsira malo kawiri kudzera pa UCAS Conservatoires, nazi zomwe ndaona

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti mwana wa achemwali anga uja analowa bwanji sukulu ya nyimbo kuno ku UK, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Ineyo nyimbo sindizidziwa, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, koma fomu yakeyo timadzazira limodzi pa foni usiku, iye ali ku Blantyre ine kuno, zaka ziwiri zotsatizana, moti ndikuidziwa mkati ndi kunja komwe.

UCAS Conservatoires ndi njira ya pa intaneti yofunsira malo m'masukulu a nyimbowa ndipo ndi yosiyana ndi UCAS ija ya mayunivesite wamba. Fomu imakhala imodzi koma utha kusankha makosi mpaka 6, imapita ku Royal Academy of Music, Royal College of Music ndi Trinity Laban ku London, Royal Northern College of Music ku Manchester, ndi ena aja a ku Birmingham, Cardiff ndi Glasgow. Guildhall yokha ija umafunsira kwa eni ake mwachindunji. Pamenepa anandisangalatsa kwambiri chifukwa kulemba mbiri yako kasanu ndi netiweki ya kumudzi si masewera, apa umalemba kamodzi, magetsi akathima zomwe wasunga zija umakazipeza zilipo. Imafunanso anthu awiri okuchitira umboni, wina wa kaimbidwe wina wa m'kalasi, ndipo tsiku lotsekera makosi a nyimbo ndi kumayambiriro kwa October, osati January ngati mayunivesite. Maodishoni ambiri amachitika mu November ndi December. Koma konzekeranitu thumba, fomu ili ndi mtengo wake ndiye sukulu iliyonse imalipiritsanso yake ya odishoni payokha, ife tinathera pa atatu basi.

Mnyamatayu amaimba lipenga, anayambira ku bandi ya kutchalitchi ali wamng'ono kwambiri manja asanafike bwinobwino pa mabatani. Kuimba kokha panalibe vuto. Masukuluwa amayembekeza munthu wa msinkhu wa Grade 8 ya ABRSM, bungwe loyesa mayeso a nyimbo, ndipo iye anali atafika, anajambula vidiyo mu holo ya tchalitchi mbandakucha maminibasi asanayambe phokoso, anaimba gawo loyamba la nyimbo ya lipenga ya Haydn ija ya 1796, ine kuonera pa foni misozi inalengeza. Yankho litabwera anandiimbira akukuwa, ankolo anditenga, ankolo anditenga! Tinakondwa banja lonse, achemwali mpaka anakapereka chothokoza.

Pa fomu paja panalembedwa GC. Apa ndi pomwe ndikufuna muwerenge modekha. GU ndiye kuti malo ndi ako palibe chotsala, GC ndiye kuti malo akusungira koma ukwaniritse kaye zomwe akuuza, VU ndi VC ndi aja oti uli pa mzere wodikira wina akasiya malo. Tsambalo limafotokoza zonsezi momveka bwino, sanatibisire kanthu, ndife tinathamangira kukondwa. Zofunika zake zinali ziwiri, mapepala ofanana ndi ma A level awiri komanso umboni wa Chizungu.

Nkhani ya ma A level imaoneka yaing'ono chifukwa masukulu a nyimbo ambiri safuna magiredi apamwamba ngati a udokotala, kungokhoza awiri kumakwana. Vuto ndi loti MSCE yathu kuno amaiyika pa mlingo wa GCSE, mayeso omwe ana akuno amalemba asanayambe A level, ndiye ngakhale ukhale ndi mapointi abwino chotani sikufika pa A level. Tisanayambe zonsezi achemwali anali atalipira munthu wina wa mtauni wa aja amati amathandiza ana kupita kunja, anawatsimikizira kuti MSCE ikukwana ndipo kirediti ya Chingerezi ndi umboni wokwanira poti ku Malawi timaphunzira m'Chizungu kuyambira sitandade 5. Ndalama zinapita, zonse ziwiri zinali zabodza, mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa chifukwa achemwali anagulitsa mbuzi.

Za Chizunguzo zili chonchi. Malawi sali pa mndandanda wa mayiko omwe boma la UK limawatenga kuti ndi olankhula Chingerezi, ndiye pa viza ya digiri umafunika kuonetsa kuti wafika pa mlingo wa B2, pa mayeso a Chizungu a IELTS ndi 5.5 m'zigawo zonse zinayi, kumva, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula. Masukulu ena amakweza kuposa pamenepo ndipo iliyonse ili ndi mayeso ake omwe imavomera, ndiye muziwerenga tsamba la sukulu yomwe mwasankhayo mzere ndi mzere. Mwana wathu kuyankhula anakhoza bwino zedi, kumva chimodzimodzi, koma kulemba anapeza 5.0. Theka lokha la maki. Ola limodzi lija lolemba nkhani ziwiri, ina ya mawu 150 ina ya 250, linamuthera ali pakati pa yachiwiri. Malo anapita, anakhala masiku osagwira lipenga.

Poyamba ndinkati bwanji akuvutitsa mwana ndi zolemba pamene wabwerera kudzaimba, koma pano ndamvetsa. Digiri ya nyimbo ya BMus ndi ya zaka 4 ndipo si kuimba kokhakokha, muli mbiri ya nyimbo, muli kusanthula mmene nyimbo yamangidwira, muli makalasi ophunzitsa khutu oti aimbe pa piyano iwe ulembe manoti, ndiye amalemba ma essay enieni ngati wina aliyense wa ku yunivesite. Mphunzitsi wa okestra akamayankhula mothamanga ndi kayankhulidwe ka kwawo palibe woti akubwerezere. Chinanso chomwe ana athu ambiri amagwa nacho ndi choti kumakwaya kwathu timakulira pa sol-fa, doh re mi, imathandiza khutu ndithu ndipo iye khutu lake ndi lakuthwa chifukwa cha imeneyo, koma kuno chilichonse chili pa mizere isanu ija yolembapo manoti. Mwayi wake anali atalemba kale Grade 5 ya theory, mayeso olemba a malamulo a nyimbo, poti ABRSM imafuna imeneyo kapena yofanana nayo usanapite ku Grade 6 ya chida.

Analemba ma A level, IELTS anabwereza atakonzekera miyezi ingapo, sabata iliyonse amalemba nkhani ziwiri ndi wotchi pambali nkunditumizira, ine ndimawerenga ndili pa basi yopita ku shifiti ya usiku. Osathamangira kulemba IELTS msangamsanga, zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2 zokha. Titafunsiranso kachiwiri fomu sinativute ngakhale pang'ono, yankho la sukulu iliyonse limaonekera pamalo amodzi omwewo ndipo imelo imabwera kukudziwitsa kuti pasintha kanthu.

Kwa ine UCAS Conservatoires ntchito yake imaigwira bwino ndipo ndingauze kholo lililonse kuti musalipire munthu wapakati, mutha kudzaza nokha ndi mwana wanu. Ingodziwani kuti imathera pa kukufikitsani pakhomo la sukulu, zikatha apo pali nambala ya CAS yochokera kusukuluko yotsimikiza kuti yakulandira, kuyezetsa TB poti Malawi ali pa mayiko ofunika kutero, ndi umboni wa ndalama za fizi ndi zokhalira musanapemphe viza. Ife kuyezetsa TB tinakukumbukira mochedwa, tinachita kuthamanga nako sabata yomaliza.