Wailesi ya kudimba ndi ya pakhonde: ya mabatire, ya sola, kapena pafoni basi?

Chiyambireni kupita kudimba ndi wailesi yakale ya malemu bambo anga, yatsopano ya sola nditaisiya kunyumba, anthu sakundipatsa mpata. Alamu anga afunsa. Anzanga a ku kalabu ya alimi afunsa. Ngakhale mnyamata wa kabaza amene amandinyamulira tomato kupita naye ku Kamwendo anaimitsa njinga tsiku lina n'kunena kuti, "Madala, nanga ya sola ija yatani? Inetu ndimafuna ndigule yomweyo." Ndayankha kambirimbiri pakamwa, ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense wofuna kugula awerenge yekha.

Pa zaka zitatu zapitazi m'manja mwanga mwadutsa mitundu inayi: ya mabatire akuluakulu ogula pagolosale, ya sola yokhala ndi tochi ndi polowetsa memore, kakang'ono kam'thumba kogwiritsa ntchito batire la foni, ndi foni yeniyeniyo. Za utoto, kuchuluka kwa mabatani ndi timagetsi tothwanima sindinenapo, zimenezo wogulitsa akuuzani ngakhale musanafunse.

Choyamba mudziwe kuti pakhonde ndi kudimba ndi malo awiri osiyana kwa wailesi. Mafunde a FM amayenda molunjika ngati kuwala, phiri kapena chitunda chikatchinga amafooka. Nyumba zathu zambiri zili kumtunda, pomwe madimba ali kudambo, kunsi. Kwathu, pakati pa Kamwendo ndi boma la Mchinji, ndikakhala pakhonde pafupifupi wailesi iliyonse imagwira MBC Radio 1, Zodiak ndi Mudzi Wathu popanda vuto, ndipo yabwino imakokanso Breeze FM ya ku Chipata. Koma tsikirani nayo kudambo, muiike pansi pafupi ndi chitsime, m'pamene mudziwe ngati munagula wailesi kapena bokosi la nyimbo. Wogulitsa amakuyeserani pamsika, pamtetete, pomwe chilichonse chimalira bwino.

Ndiyambe ndi ya sola, chifukwa ndi imene inandipweteka mtima.

Ndinaigula nditangogulitsa mtedza, tsiku la msika, kwa venda wina amene anali atayala katundu wake pansi. Ndalama yake inali yokwana kugula mbewu ya chimanga ya munda wanga wa kuseri kwa nyumba. Iye anangoti, "Bwana, iyi mukagula mwatsanzikana nawo mabatire. Dzuwa silogula." Mawuwo anandigwira, chifukwa nthawi imeneyo n'kuti mitengo ya zinthu zochokera kunja itakwera kutsatira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mabatire anali atayamba kulowa m'gulu la zinthu zoganizira kawiri. Lisiti sanandipatse, ndipo ine sindinafunse.

Sabata zoyamba zinali zokoma. Sipika yake inali yamphamvu, ana ankamvera nyimbo za kwaya pa memore, mayi a kunyumba ankaunikira tochi yake kukhitchini. Vuto linayamba kuonekera pa kasola kake kotchajira batire. Kali kumsana kwa wailesi, kukula kwake ngati chikhatho, ndipo sikachoka. Kuti katchaje, wailesi yonse iyenera kugona padzuwa chafufumimba. Ndiye ndinkati ndikafika kudimba m'mawa, ndimaiika pamzere padzuwa, ine n'kumathirira. Mukudziwa mmene dzuwa la Okutobala limaombera kuno. Pofika masana pulasitiki yake inkatentha osagwirika.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti batire la lithiamu, la mtundu womwewo wa m'mafoni, limadana ndi kutentha. Likamakhala motentha tsiku ndi tsiku limakalamba msanga, mphamvu yake yosunga moto imachepa, ndipo nthawi zina limafufuma. Ndiye taonani mmene chinthucho anachipangira: kuti chidye chiyenera kukhala padzuwa, koma dzuwa lomwelo ndi limene likupha mtima wake. Patangotha miyezi inayi, wailesi imene inkalira tsiku lonse inayamba kuzima isanakwanitse ola limodzi. Tsiku limene ndinataya nayo mtima linali Lamlungu, Bullets ikusewera ndi Wanderers, anthu asanu ndi mmodzi atakhala pakhonde langa. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, inangoti zii. Tinathamangira kwa aneba kukamvera kumapeto.

Ndinapita nayo kwa mnyamata wokonza mafoni pa boma. Ataimasula anandionetsa batire limodzi lobulungira, lija amalitchula kuti 18650 chifukwa m'mimba mwake ndi mamilimita 18 ndipo m'litali ndi 65. Pachikopa chake analembapo 9800 mAh, kutanthauza kuchuluka kwa moto umene batire limasunga. Mnyamatayo anangopukusa mutu. Mabatire enieni a kukula kumeneku, opangidwa ndi makampani odziwika, amathera cha m'ma 3500. Lililonse lolembedwa manambala oposa pamenepo kutalitali likunama, ndipo kawirikawiri limakhala lopepuka m'manja, moto wake wochepa kuposa la 2000 lenileni. Choipitsitsa, batirelo anachita kuliwotcherera ku mawaya, panalibe kachitseko koti munthu n'kutsegula yekha n'kusintha.

Anandiwerengeranso za kasola kaja. Tisola tating'ono chotere mphamvu yake ya magetsi siifika ngakhale wati imodzi. Titati kakupereka theka la wati, kuti kadzadze batire labwino la 2000 mAh pafunika maola pafupifupi 15 a dzuwa lamphamvu, wailesi ili chozima. Amenewo ndi masiku awiri kapena atatu. Nyengo ya dzinja, mitambo itaphimba kuyambira Januwale mpaka Febuluwale, iwalani. Ndipo nyengo imeneyo ndi imene mlimi amafunitsitsa kumva zanyengo.

Apa ndiye pali ndalama zobisika zimene palibe amene amakuuzani. Ndinalipira wokonza. Ndinagula batire lina. Chifukwa kasolako sikankakwanitsa, ndinkalipiranso potchajitsa pa shopu ngati foni, kawiri kapena katatu pa sabata. Polowetsa tchaja panagwedera chifukwa cholowetsa ndi kutulutsa, ndinalipiranso. Ndinawononga ya kabaza kubwerera kumsika kukafuna venda uja, koma pamalo pake ndinapeza mayi wogulitsa zitenje. Nditaphatikiza zonse, ndinapeza kuti m'chaka chimodzi wailesi "yosagula mabatire" inandidyera ndalama zoposa zimene ndikanagulira mabatire. Mpaka lero ndikaona mlimi mnzanga akuitembenuza m'manja pamsika, mtima umandiwawa.

Ili ndi vuto linanso laling'ono koma lotopetsa kudimba. Ilibe gudumu lotchunira, imafufuza yokha masiteshoni mukadina batani. Siteshoni ikakhala yofooka, monga zimakhalira kudambo, imangoidumpha ngati kulibe. Ndipo yangayo moto ukatheratu inkaiwala zonse, kuyambiranso kufufuza.

Sindikunena kuti dzuwa ndi loipa ayi. Kunyumba tsopano ndili ndi sola yapadenga yoyatsira mababu ndi kutchajira mafoni, ndipo imandithandiza kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti sola ili padzuwa, batire lili m'nyumba pamthunzi. Ngati mwapeza wailesi imene sola yake ndi yapadera, yolumikiza ndi waya wautali, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndingakuuzeni kuti iganizireni.

Tsopano ya mabatire akuluakulu. Ndivomereze kuti pa imeneyi ndili ndi mbali. Ndi National Panasonic imene bambo anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo ndi imene tinkamvera mauthenga a maliro ndi nkhani za m'maboma tili ana, tonse titazungulira pamphasa. Anzathu ambiri nthawi imeneyo anali ndi ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre konkuno, ndipo zina mwa izo zikulirabe m'midzimu. Komabe chikondi pambali, kudambo palibe imene yaiposa mwa zonse ndayesa. Ili ndi gudumu loti umapotoza pang'onopang'ono mpaka mawu atayera, ndi eriyo yaitali yokoka. Ndimaikoleka panthambi ya mtengo wa mango m'mphepete mwa dimba, pamthunzi, m'mwamba pang'ono, ndipo ndimamva bwinobwino ndili kumapeto kwa mizere ya anyezi. Kuikweza mita imodzi kapena awiri kuchoka pansi kumasintha zambiri, yesani muone.

Eriyo yake inathyokapo kamodzi, mwana ataikoka. Ndinamangirira waya wa kopa wotalika masentimita 75, umene ndi muyeso woyenerana ndi mafunde a FM, ndipo inagwira ngati kale kufikira nditapeza ina.

Kuipa kwake n'kodziwika: mabatire amadya ndalama, ndipo imalemera. Ine a Tiger Head amandifikitsa milungu ingapo ndikamamvera nkhani, zaulimi ndi mpira, osakweza mawu kwambiri. Mukamamvera nyimbo tsiku lonse mokweza, konzekani kupita kugolosale pafupipafupi. Zija timachita zoyanika mabatire padzuwa kapena kuwamenya ndi mwala zimangowonjezera mphindi zochepa, kenako amatuluka madzi amene amadya tizitsulo tam'kati. Mawailesi ambiri abwino afa ndi zimenezi. Akatha achotseni tsiku lomwelo, musasakanize atsopano ndi akale, ndipo chonde musawataye mudimba kapena pafupi ndi chitsime chimene mukuthiririra ndiwo.

Imagwiranso mafunde a AM ndi SW, amene amafika kutali kuposa a FM. Usiku imakoka masiteshoni akutali, koma m'nyumba mababu otchipa ndi matchaja amaichititsa phokoso, ndiye ndimatuluka nayo panja.

Kachitatu ndi kam'thumba kaja. Aka kanandidabwitsa, chifukwa ndinakagula mosayembekezera zambiri. Kamagwiritsa ntchito batire lafulati la BL-5C, lija linkakhala m'mafoni a Nokia a mabatani. Ubwino wake wonse wagona pamenepo: kumsana kuli kachitseko, batire likafa mumagula lina pa shopu iliyonse ya mafoni, n'kulowetsa nokha. Ine ndili ndi awiri, lina likamagwira ntchito lina likutchajidwa pa sola ya kunyumba. Lenileni la Nokia linali la 1020 mAh, ndiye mukaona lolembedwa manambala aakulu kwambiri muzikayikira ngati lija la 9800. Sipika yake ndi yaing'ono, nyimbo zimamveka mopyapyala, koma mawu a munthu wowerenga nkhani amamveka bwino. Pakhonde, m'chigafa posankha fodya, kapena pomwe mayi akusenda mtedza, kamakwana. Kudambo kamavutika, eriyo yake ndi yaifupi, Mudzi Wathu kamagwira koma enawo amabwera ndi mkokomo wa shiii.

Za foni ndinena mwachidule. FM ya pafoni zambiri imafuna mahedifoni, chifukwa waya wake ndiye eriyo. Munthu uli ndi khasu kapena keni m'manja, wayayo amakola paliponse, ndipo foni kufupi ndi madzi ndi matope ndi kuika ndalama pangozi. Kumvera kudzera pa intaneti kumadya bandulo, ndipo kudambo netiweki nayonso imavuta. Ndi yothandiza paulendo, mu minibasi yopita ku Lilongwe, osati pantchito. Komanso wailesi ya m'makutu ndi ya munthu mmodzi, pomwe kwathu kuno mitengo ya fodya ku Kanengo kapena uthenga wa maliro timamvera limodzi.

Ena andifunsa za zopukusa ndi dzanja, zija mabungwe ankapereka ku makalabu omvera wailesi ndi m'sukulu. Zimene ndinaziona zinali zolimba, koma m'mashopu a kuno sindinazipezepo, ndipo tating'ono totsanzira timene tili pamsika chopukusira chake ndi chapulasitiki yofewa.

Ndiye alamu, ndi inu nonse mwakhala mukufunsa, yankho langa ndi ili. Kudimba tengani ya gudumu ndi eriyo yaitali, ya mabatire ogula, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito bola tizitsulo ta mabatire tisakhale ta dzimbiri. Kunyumba, kumene siteshoni imagwira mosavuta ndipo potchajira pali pafupi, kam'thumba ka batire lochotseka kakukwanirani ndipo sikakudyerani ndalama. Ngati ndalama ikulola imodzi yokha, funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti, "Batire likafa ndisintha bwanji?" Akayamba kukuonetsani tochi ndi timagetsi m'malo motsegula kumsana, bwezani katundu wake. Wailesiyo muiyese pa siteshoni yofooka, osati yapafupi, mulowe nayo m'kati mwa shopu kuseri kwa khoma, mugwedeze polowetsa tchaja kuti muone ngati pali polimba. Gulani kwa munthu amene ali ndi chitseko choti mudzamupeza sabata yamawa, ndipo lisiti mutenge.

Mnyamata wa kabaza uja anamvera, anagula kam'thumba ndi batire lachiwiri, ndipo amakamangirira pa handulo ya njinga. Ya sola ija ikadalipo kwathu. Mbali ya wailesi sitiyatsanso, mayi a kunyumba amangoitchaja pa sola yapadenga n'kumaunikira tochi yake potsekera nkhuku madzulo.