Kupereka magazi ku MBTS ya ku Mzuzu: ntchito yodalirika, koma anthu akuluakulu opereka magazi akusowa

Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe ambiri amangoliti MBTS, lili ndi nthambi ku Mzuzu yotolera magazi a zipatala za kumpoto. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kodalirika, ndipo mantha amene amabweza anthu ambiri alibe maziko.

Mukafika amakufunsani za umoyo wanu mwachinsinsi, kukukwezani pasikelo, kuyeza BP, kenako kubaya chala kuti aone ngati magazi ndi okwanira. Amalandira a zaka 16 mpaka 65. Amatenga mamililita 450 okha, pomwe munthu wamkulu amakhala ndi malita pafupifupi 5, ndipo thumba limadzaza pa mphindi ngati 10. Singano ndi yatsopano, imatsegulidwa inu mukuona, choncho simungatengerepo HIV.

Zovuta zimene zimachitika n'zopeweka. Chizungulire chimagwira amene wabwera ndi njala kapena wadzuka mothamanga. Idyani kaye, imwani madzi, pumani mukamaliza. Pobayapo pamatupa ngati simunatsindire thonje mokwanira kapena mwanyamula katundu wolemera. A kabaza, tsiku limenelo njinga ipume. M'nyengo yozizira ya June ndi July mitsempha imabisala, ndiye valani zofunda.

Mbali yoyamikirika kwambiri ndi ya kulabotale. Thumba lililonse limayezedwa HIV, matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, komanso chindoko. Komabe kachilombo kongolowa kumene m'thupi kangathe kusaoneka poyeza, n'chifukwa chake mafunso oyamba aja amafuna kuyankhidwa moona. Kupita kukapereka magazi n'cholinga chongofuna kudziwa ngati muli ndi HIV n'kuika moyo wa wodwala pachiswe. Malo oyezera alipo ambiri.

Chofooka cha ntchito ya MBTS n'chakuti magazi ambiri amachokera kwa ophunzira. Sukulu zikatsekera nkhokwe zimachepa, pomwe ana odwala malungo nthawi ya mvula ndi amayi otaya magazi pobereka sadikira kuti teremu iyambe. Kusungiratu ochuluka sikutheka: m'firiji ya madigiri 2 mpaka 6 magazi amakhala masiku pafupifupi 35, ndipo tizigawo tothandiza magazi kuundana timatha pa masiku 5. Amalonda a mumsika, aphunzitsi ndi a m'maofesi ndiwo akufunika, makamaka pa tchuthi cha December. Abambo angathe kubwereranso pakatha miyezi itatu, amayi inayi.